Thonje M'botolo

Anandipatsa sikipa yobiriwira, kope ndi cholembera,
ati, "Tionenji, ndiwe msinkhu wawo, adzakumvera."
Ofesi yanga ndi benchi kuseri kwa kiliniki ku Kapata,
mwendo umodzi tinauchirikiza ndi njerwa.
Mthunzi umafika mmawa, masana wathawa.

Pa fomu pali timabokosi:
Wabwera? Wamwa? Wasiya?
Palibe kabokosi ka mnyamata wokhala duu ola lathunthu
akukumba dothi ndi chala cha kuphazi.

Ameneyo ndi Yotamu wa ku Mchini,
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, msana wa bambo wa ana anayi.
Amapalasa njinga yonyamula anthu
kuchoka kumsika mpaka ku Navutika,
mayi ndi thumba lake la makala kumbuyo.
Lachiwiri loyamba sananene kanthu.
Lachiwiri linalo anangofunsa ngati foni yanga ili ndi mayunitsi.
Ulendo wachitatu ndiye anatulutsa botolo
n'kuligwedeza pafupi ndi khutu langa:
tseketseke, tseketseke.

"Wamva? Njinga ikagwa m'dzenje limalira m'thumba.
Mayi wina anati, mwana iwe, wanyamula maseche?
Mawa lake anakwera ya mnzanga.
Ndiye ndimalisiya kunyumba.
Ndiye ndimaiwala.
Ndiye."

Kumaphunziro kuhotela anatipatsa mawu ambiri,
ena aatali ngati msewu wa ku Lusaka,
tikudya mabisiketi, tikuwomba m'manja.
Pabenchi paja onse anandithawa.
Ndinangopisa dzanja m'chikwama
n'kutulutsa langa.
Ndinaligwedeza. Zii.
Ndinatsegula: thonje loyera lotsendereza pamwamba,
nzeru imene ndinaitola ndekha ndili giredi naini
m'chipinda chogona atsikana makumi atatu
amene makutu awo sankagona.

Anayang'ana botolo, anayang'ana ine.
"Nawenso?"
"Chibadwire."
Anaseka mpaka kutsokomola.
Sindidziwa chinamuseketsa, koma nanenso ndinaseka
mpaka nesi anasuzumira pawindo.

Musayese kuti zonse zimatha chonchi.
Gezile sanabwerenso.
Akuti anamukwatitsa ku Mtenguleni mayeso asanayambe,
nambala yake amayankha ndi mwamuna.
Malizani ndimamupeza kusiteshoni maso ali psuu,
amandilonjera ndi ulemu wonse
kenaka apemphe makwacha awiri.
Mayina awa ndimapita nawo kunyumba,
usiku amandigona pachifuwa.
Amati mutu umodzi susenza denga,
koma sanena kuti wobwera kudzasenzetsa
nayenso khosi limamuwawa.

Okutobala, dzuwa likuswa mtengo,
kandalama ka bungwe katachedwa miyezi itatu,
ndinakhala pabenchi m'mimba muli pululu,
mizere ya m'kope ikuvina.
Belu la njinga.
"Iwe wa sikipa, lero wamwa?"
Ndinati ndamwa.
"Nanga kudya?"
Ndinayang'ana njerwa ija.

Anagula chinangwa chootcha ndi mtedza wokazinga,
anaima pomwepo mpaka nditatsiriza,
ngati mmene ndimaimira ine.
Kenaka anapukuta mpando ndi chipewa chake,
"Kwera, lero sulipira."

Tinatsetsereka, phiri la Kanjala lili chete kutiyang'ana,
fumbi m'mano, ana akuthamangitsa tayala,
ine khutu ndatchera ku thumba la buluku lake.
Dzenje loyamba.
Lachiwiri.
Lachitatu, lalikulu lija la pafupi ndi mlatho wa Lunkhwakwa
limene limagwetsa ndi mazira omwe.
Chinkalira ndi tcheni chokha.

Madzulo ndinatsegula fomu ya tsikulo.
Pamwamba analemba kuti wothandiza,
pansi pake wothandizidwa.
Ndinaluma cholembera nthawi yaitali,
magetsi anathima ndisanasankhe
dzina loika pamzere uti.